Mantha a mayi wapakati amafikadi kwa mwana? Zomwe makoswe anaonetsa kuyambira 1957

Kumudzi kwathu kufupi ndi Ulongwe kwavuta nkhani ya mkamwini wina amene apongozi ake amutengera mkazi kunyumba kwawo. Mkaziyo ndi woyembekezera, ndiye bamboyo akamwa amalalata usiku onse mpaka kuswa mbale. Agogo akuti mwana wam'mimba amamva, adzabadwa wamantha, pomwe anyamata akuti izo nzamakolo bola sanamumenye. Tinakangana nazo mu chapa (minibasi) mpaka kufika ku Moatize, ndiye ndati ndilembeko mbiri ya funsoli, poti asayansi nawonso analimbana nalo kalekale pogwiritsa ntchito makoswe.

Kwa ine pomwe zinthu zinatembenukira ndi 1957, William Thompson atatulutsa zotsatira zake mu magazini ya Science. Anatenga makoswe aakazi asanatenge mimba nkuwaphunzitsa kuti belu likalira kukubwera shoko ya magetsi, ndipo kuti apulumuke azitsegula kachitseko nkuthawira mbali ina. Atazolowera anawapatsa amuna. Mimba itakhala belu lija limalirabe koma kachitseko katsekedwa, magetsinso azimitsidwa, ndiye khosweyo samapweteka pena paliponse, chomwe chimamugwira ndi mantha basi, kudikira zowawa wopanda kothawira. Ana atabadwa Thompson anasinthanitsa ena nkuwapatsa amayi omwe sanaopsezedwe, kuti munthu asadzanene kuti vuto ndi kaleredwe. Komabe ana a amayi oopsezedwa aja akawaika pabwalo poyera amachedwa kuyenda, amanyinyirika kuposa anzawo. Taonani, sanamenyedwe ayi.

Thompson amangoganizira kuti mwina ndi mahomoni, timadzi ta m'thupi totumiza uthenga kudzera m'magazi, umboni wake analibe, ndipo makoswe ake anali ochepa. Zaka zotsatira kunachitika zambiri, monga Ingeborg Ward mu 1972 amene amapanikiza makoswe apakati m'timapaipi pansi pa magetsi owala sabata yomaliza ya mimba, ana aamuna atakula khalidwe lawo lokwera makoswe aakazi linali lofooka.

Umboni womwe ndimaudalira kwambiri ndi wa ku Bordeaux ku France mu 1996. Pamwamba pa impso pali tiziwalo totulutsa homoni ya nkhawa, mwa khoswe imatchedwa corticosterone, mwa ife ndi cortisol. Asayansi akumeneko anachotsa tiziwaloti mwa makoswe apakati nkumawapatsa homoniyo pamlingo wosasintha, kenako nkuwapanikiza. Ana awo anakula opanda vuto la homoni lomwe limaoneka mwa ana a amayi opanikizidwa. Atabaya amayi ena homoni yowonjezera nthawi yopanikizayo vuto linabwerera, ana atakula akadzidzimuka homoni yawo imachedwa kutsika. Ku Edinburgh mu 1993 anali ataonetsa kale kuti nsengwa ili ndi enzyme, mankhwala achilengedwe a m'thupi, yomwe imafooketsa homoniyi isanafike kwa mwana, ndipo khoswe wapakati akapatsidwa dexamethasone, mankhwala ofanana ndi homoniyi omwe amadutsa chitetezocho, ana amabadwa ochepa thupi, akakula BP imakwera.

Anyamata aja pena akunena zoona, khoswe si munthu. Mimba yake ndi ya masiku 21 kapena 22, ana amabadwa osaona, ubongo usanakhwime ngati wa khanda lathu, ndipo mwa anthu nkovuta kusiyanitsa nkhawa ndi njala, malungo kapena umphawi chifukwa zimabwera pamodzi. Agogonso akamati mwana waonongekeratu akupitirira, chifukwa gulu lomwelo la ku Bordeaux mu 1995 linapeza kuti ana oterewa akaleredwa ndi khoswe wina atangobadwa vuto la homoni lija limachoka, ndipo Michael Meaney ku Montreal anaonetsa kuti ana omwe mayi amawanyambita kwambiri amakula odekha. Koma mawu oti bola sanamumenye aja, makoswe a Thompson amawatsutsa.

Ankhoswe akumana Loweruka. Pakadali pano mtsikanayo ali kwa amayi ake, akugona tulo, ndipo kusikelo akumuperekeza ndi azakhali ake.