Simoni wofiira nkhope: mmene onyozedwa a ku Angónia ankabwezera

Munthu wobadwira ku Ulongwe kapena ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pa nthawi ya Apwitikizi ankanyozedwa ndi lamulo lenilenilo. Boma linagawa anthu: kunali azungu, kunali asimiladu (akuda ovomerezedwa kuti atengera Chipwitikizi), ndiye ena tonse tinali "indijena", kutanthauza mbadwa wamba. Kuti uchoke m'gulu lapansilo unkayenera kulankhula Chipwitikizi, kudzipezera ndalama ndi ntchito yovomerezeka, komanso kusonyeza kuti miyambo ya makolo waitaya. Wotsalira pa uindijena ankayenda ndi kadeneta (kabuku ka chiphaso), ankagwidwa kupita ku chibalo, ndipo akalakwira boma asipayi (apolisi achikuda) ankamuswa zikhatho ndi palamatoriya (thabwa lomenyera), bambo wa ana nkukhala akulira pamaso pa akazi ake ndi apongozi. Lamulo la indijenalo linathetsedwa mu 1961, koma pakamwa pa akuluakulu a boma ndi pamene panachedwa kusintha.

Chipongwe sichinayambe ndi azungu okha, tisanamizane. Angoni a Maseko atakhazikika pa phiri la Domwe, ankaona Achewa ngati anthu owagwira ndi kuwalimitsa. Koma anakwatira akazi a Chichewa, ana nayamwa chinenero cha amayi awo. Lero mdzukulu wa Mngoni amavina ngoma atanyamula chishango, nkhani zonse akukamba m'Chichewa.

Nanga munthu wosaloledwa kuyankha amatani? Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Achewa anayankhira kudambwe. Amishoni ankati gule wamkulu ndi zachikunja, ndipo wovinidwa ankamanidwa ubatizo mpaka atasiya. Ndiye pabwalo panatulukira Simoni, nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, atavala zonga suti koma zansanza. Panatulukiranso Maliya, dzina lochokera kutchalitchi komweko. Amayi ankawomba m'manja, kuimba, kuseka mpaka misozi. Apa ndi pamene pali nzeru yonse: amene akuvinayo si mwana wa uje, ndi chilombo, mzimu wochokera kumanda. Ukamuzenga mlandu ndani? Mfumu ikafunsidwa imangoti zilombo zimenezi ife sitizidziwa maina. Ndipo zilombozo sizinkaseka mlendo yekha. Chidakwa cha m'mudzi, mkamwini waulesi, mwamuna wosakhazikika pabanja, onse ankadziona akuvinidwa pamaso pa anthu popanda wowatchula dzina.

Ufulu utabwera mu 1975, ambiri ankayesa kuti kunyozedwa kwatha. Chinangosintha chinenero. Frelimo, chipani chimene chinatenga boma, inachotsa mafumu pa udindo ponena kuti anali atumiki a atsamunda, ndipo zinamwali, asing'anga ndi zamizimu anaziika m'thumba limodzi lotchedwa "obscurantismo", kutanthauza zamdima. Pamisonkhano anthu ankakweza nkhonya kufuula "abaixo" (zigwe!) pa zinthu zimene usiku womwewo ankakachita kuseri. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inathamangitsira anthu ochuluka a ku Angónia ndi Macanga ku Dedza ndi Ntcheu, kumene anapeza ng'oma zomwezo zikulira, malire amene atsamunda anadula mu 1891 osaziletsa.

Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Mu 2000 boma linazindikiranso mafumu, pambuyo pake nkuwapatsa yunifolomu ndi mbendera. Mu 2005 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Tsopano wamkulu wa boma akamabwera kudera, zilombo zimaitanidwa kudzamulandira, iye nkukhala pampando wakutsogolo, kufupa ndi ndalama, osafunsa kuti nkhope yatsopano yamimba yaikuluyo aisemera yani.