Ndisanalowe, Ndimayamba Ndafunsa Khomo Lotulukira

Lachisanu lililonse masana, ophunzira akayamba kuchepa mu laibulale, ndimasiyira mnzanga kauntala n'kukakhala pa kompyuta yapakona. Kwa ola limodzi ndimayesa chida chimodzi cha pa intaneti chimene sindinachigwirepo. Anzanga ena amati ndimakhala ndikusewera pa nthawi ya ntchito. Sindiwatsutsa kwenikweni, chifukwa zida zambiri zimene ndayesa zaka zonsezi zinatheradi pa kusewera. Koma zochepa zimene zinatsala ndi zomwe laibulale yathu ikuyendera lero.

Chizolowezichi sindinachiyambitse ndine. Mu 2006, mayi wina wogwira ntchito mu laibulale ya mumzinda wa Charlotte ku North Carolina, Helene Blowers, anakonzera anzake maphunziro amene anatchuka ndi dzina loti 23 Things. Munthu aliyense ankapatsidwa tintchito 23 toti achite yekha pa intaneti mlungu ndi mlungu: kuika chithunzi pa Flickr, kulemba mndandanda wa mabuku ake pa LibraryThing, kufufuza kanema pa YouTube, kusunga malinki pa Delicious, ndi zina zotero. Malaibulale a m'mayiko ambiri anatengera njirayi. Inali nthawi imene mawu oti Web 2.0 anali pakamwa pa aliyense, kutanthauza intaneti imene wowerenga nayenso amalembapo, osangolandira zolemba ena. Kuno kwathu tinkamva nkhanizi tikudikira tsamba limodzi kuti litseguke mpaka tiyi kuzizira m'kapu, komabe chidwi chinalipo.

Mwa zonsezo, chimene chinanditenga mtima chinali Delicious, ndipo chifukwa chake muchimvetsa mukadziwa mmene timaikira mabuku pashelefu. Malaibulale ambiri amatsata manambala a Melvil Dewey, amene anawatulutsa koyamba mu 1876. Buku la ulimi limapita ku 630, la chimanga ku 633.15. Buku limodzi, malo amodzi. Nanga buku lokamba za chimanga, feteleza, mvula ndi ngongole za alimi nthawi imodzi? Timasankha mutu umodzi, mitu inayo timailemba m'katalogi, basi. Delicious, imene Joshua Schachter anaiyambitsa mu 2003, inkalola munthu kusunga linki n'kuipachika mawu aliwonse amene wafuna, ngakhale khumi, ndipo ena ankatha kuona zimene wasunga. Munthu wa ku Kenya amene wapeza nkhani yabwino ya mbozi zam'chimanga ankakuthandiza osakudziwa. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kusanja, izi zinali ngati kupatsidwa shelefu imene buku limodzi limaoneka pamalo khumi.

Tsono tamvani mmene inathera. Yahoo inagula Delicious mu 2005, n'kuigulitsa mu 2011. Inadutsanso m'manja angapo, mwini aliyense akusintha zake, mpaka mu 2017 inagulidwa ndi mwini wa Pinboard, tsamba lina losungira malinki, ndipo iye anatseka khomo loikira malinki atsopano. Google Reader, imene anthu ankasonkhanitsira nkhani zatsopano za masamba ambirimbiri pamalo amodzi, inatsekedwa pa 1 July 2013. Google+ inatsatira mu 2019. Chaka chomwecho MySpace inavomera kuti posamutsa zinthu kupita ku makompyuta ena inataya nyimbo zimene anthu anaika kwa zaka pafupifupi 12, ndipo lamulo la Flickr loti osalipira azisunga zithunzi zosapitirira 1,000 linayamba kugwira ntchito. Pocket, imene ambiri ankasungira nkhani zoti akawerenge akapeza mpata, inatsekedwa mu 2025. Palibe mwa makampaniwa amene anaba kanthu ka munthu. Nyumba ndi yawo, ndipo lendi tinkalipira ndi maso athu poonera zotsatsa malonda. Landilodi akafuna kugwetsa nyumba yake, amangokupatsa notisi.

Ine notisiyo inandiphonya kamodzi. Ndinali nditasonkhanitsa malinki mazana angapo a zaulimi ndi zaumoyo pa tsamba lina limene sinditchula dzina, ntchito ya zaka ziwiri, ndipo aphunzitsi ankatumiza ophunzira kumeneko. Akauntiyo tinaitsegula ndi imelo ya mnzathu amene pambuyo pake anasamukira kuntchito ina. Eni tsamba analemba makalata ochenjeza kuti akutseka, koma makalatawo ankagwera m'bokosi limene palibe ankatsegula. Ndinadziwira kwa wophunzira amene anabwera kudzandiuza kuti, "Bwana, linki ija sikutseguka." Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tsiku limenelo ndinamva fungo lake lokha.

Kuyambira pamenepo, funso langa loyamba kwa chida chilichonse si loti chimatha kuchita chiyani. Zimenezo eni ake amakhala atalemba kale ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba. Ine ndimapita kumene sakonda kuonetsa, ku Settings, kukafuna batani lolembedwa Export kapena Download your data. Batani limeneli ndilo khomo lotulukira. Limakupatsa katundu wako yense mu fayilo imodzi yoti usunge pa kompyuta yako kapena pa fulashi. Ndipo sindingoliona ayi, ndimalidina, n'kutsegula fayilo yotulukayo kuti ndione ngati pulogalamu ina ingaiwerenge. Fayilo ya CSV imatseguka mu Excel kapena LibreOffice, choncho ndi yabwino. Koma pali zida zina zimene zimakubwezera katundu m'thumba lomwe chimasulire chake amadziwa eni okha. Kumeneko ndiye kutuluka m'nyumba ndi sutikesi yokhoma, kiyi itatsala kwa landilodi.

Anthu amene ankagwiritsa ntchito Google Reader sanavutike kwambiri pa chifukwa chomwechi. Anauzidwa mu March kuti July akutseka, ndipo mndandanda wawo unkatuluka mu fayilo imene mapulogalamu ena monga Feedly ankaiwerenga mosavuta. Chida chinafa, koma ntchito ya anthu inapulumuka.

Ife a m'malaibulale nzeru imeneyi tinali nayo kale, kungoti tinaiwala pamene zonyezimira zinabwera. M'zaka za m'ma 1960, Henriette Avram wa ku Library of Congress anakonza kalembedwe ka MARC, koti kompyuta iliyonse izitha kuwerenga khadi la buku: wolemba apa, mutu apa, chaka apa. Mpaka lero laibulale ikafuna kusintha pulogalamu, imanyamula makhadi ake a MARC n'kusamuka nawo. Malaibulale angapo a m'mayunivesite ndi m'makoleji kuno kwathu amagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu imene inalembedwa mu 1999 kaamba ka laibulale yaing'ono ya ku Horowhenua ku New Zealand, imene inkaopa kuti pulogalamu yake yakale isokonekera chikamalowa chaka cha 2000. Dzinalo m'chinenero cha Amaori limatanthauza mphatso, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kuiika pa kompyuta yake. Musanamizidwe kuti yaulere ndiye kuti yopanda mtengo. Pamafunika munthu wodziwa kusamala seva, batire loti magetsi akazima mwadzidzidzi zinthu zisaonongeke, ndi khalidwe lokopera zonse pa diski ina mlungu uliwonse. Koma katalogi imakhala yathu, m'chipinda chathu.

Kwa wophunzira amene akulemba kafukufuku, chida chimene ndimamulimbikitsa mosakayika ndi Zotero, imene inatuluka mu 2006 ku George Mason University. Ukapeza nkhani pa intaneti, umangodina kamodzi, iyo n'kusunga dzina la wolemba, mutu, chaka ndi magazini, kenako n'kukulembera mndandanda wa mabuku kumapeto kwa pepala lako m'kalembedwe kamene aphunzitsi akufuna. Zonse zimakhala pa laputopu yako ndipo zimagwira ntchito popanda netiweki. Ndaona ophunzira ambiri akulira sabata yomaliza chifukwa sakukumbukira kumene anatenga mawu ena ake. Ola limodzi lophunzira Zotero m'chaka choyamba limachotsa misozi imeneyo.

Pali funso lina limene mabuku ophunzitsa za zidazi, olembedwa kumene intaneti ili ngati mpweya, salifunsa. Kodi chidachi chitseguka pa foni ya wowerenga wanga? Ndikamaliza kuyesa pa kompyuta ya kuofesi, ndimatenga foni yakale yosweka galasi, ndimazimitsa Wi-Fi, n'kukaima panja pafupi ndi mpanda pamene netiweki imavuta. Zida zambiri zokongola zimafera pamenepo. Komanso ambiri mwa owerenga athu amagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Munthu woteroyo ukamutumizira linki, wamupatsa chitseko chopanda chogwirira: akaidina, foni imangozungulira. Ndiye masiku ano ndikafuna kulengeza mabuku atsopano, ndimalemba uthenga wonse momwemo kapena kujambula chithunzi chopepuka. Kwa sukulu zimene kulibiretu netiweki kuli Kiwix, imene imaika Wikipedia yonse pa kompyuta kapena pa foni, munthu n'kumawerenga popanda bandulo. Chomvetsa chisoni n'choti Wikipedia ya Chichewa ili ndi nkhani zochepa kwambiri, ndipo pamenepa sitingaloze chala kampani iliyonse. Olemba ake ndife tomwe.

WhatsApp ndiye bwalo limene anthu athu ali, ndipo woyang'anira laibulale amene amainyoza amalankhula yekha. Gulu lathu la owerenga linkayankha mafunso ambiri pa tsiku kuposa kauntala. Komabe ndimaiyendera ngati poterera. M'ntchito yathu muli lamulo lakale loti sitiulula zimene munthu wabwereka kapena kufunsa. Mtsikana wofuna buku la matenda opatsirana pogonana, bambo wofufuza malamulo othetsera banja, amabwera pa kauntala n'kunong'ona, ifenso n'kuyankha monong'ona. Pa gulu la anthu 200 palibe kunong'ona. Aliyense amaona funso, dzina ndi nambala ya foni. N'chifukwa chake gulu lathu tinalitchera kuti azilemba ndi ma adimini okha, ndipo wofuna thandizo amalembera nambala ya laibulale payekha. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lokhudza kasungidwe ka zinsinsi za anthu, koma ngakhale lamulolo likanapanda kubwera, manyazi a wowerenga mmodzi akanakwanira.

Vuto lina pa magulu amenewa ndi ma PDF a mabuku obedwa. Ndimamvetsa chimene chimachititsa: buku limodzi la sukulu limatha kudula kuposa ndalama ya chakudya cha mwezi. Koma lamulo la Copyright Act la 2016 lilipo, bungwe la COSOMA loteteza ufulu wa olemba ndi oimba pa ntchito zawo lilipo, ndipo wolemba wa Chimalawi amene buku lake likuyenda pa mafoni ulere sadzalembanso lachiwiri. Chimene chimandipweteka n'choti njira zololedwa zilipo koma sizidziwika. Kudzera mu Research4Life, imene inayamba ndi Hinari ya bungwe la World Health Organization mu 2002, mayunivesite, zipatala zophunzitsira ndi maofesi a boma m'mayiko ngati lathu amawerenga magazini a kafukufuku masauzande ambiri osalipira. African Journals Online ili ndi magazini a mu Africa muno, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Bungwe la MALICO, limene malaibulale a m'dziko muno anakhazikitsa mu 2003, limasonkhanitsa mphamvu kuti tizigula pamodzi zimene laibulale imodzi siingakwanitse. Kafunseni pa kauntala ya laibulale yanu. Nthawi zambiri pasiwedi ili m'dirowa, ikudikira wofunsa.

Za Facebook ndinena mwachidule. Tsamba la laibulale likhoza kukhala ndi otsatira ambiri, koma amene amasankha oti aone uthenga wako ndi makina a kampaniyo. Ndi labwino polengeza kuti mawa titseka msanga. Si malo osungira zithunzi za mbiri ya sukulu.

Musaganize kuti ndikunena kuti pepala ndilo lodalirika. Mu December 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, mabuku masauzande makumi angapo n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Chiswe, denga lodontha ndi wobwereka wosabweza zimadya mabuku mwakachetechete chaka ndi chaka. Chinthu chimapulumuka chikakhala pamalo angapo. Ndikapeza lipoti lofunika pa webusaiti ya unduna kapena bungwe, ndimalitsitsa, ndimalisunga pa diski ya laibulale, kenako ndimapita ku Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga makope a masamba a pa intaneti ndipo yakhala yotseguka kwa onse kuyambira 2001, n'kuika linkiyo pamene palembedwa Save Page Now. Mawebusaiti amasinthidwa kawirikawiri, ndipo malipoti akale amasowa popanda wolengeza maliro.

Alendo atsopano pa kompyuta yanga yapakona ndi zida za AI zimene zatchuka kuyambira kumapeto kwa 2022. Zimathandiza kufupikitsa nkhani yaitali kapena kupeza mawu oyambira kufufuza. Koma mwezi wathawu wophunzira wina anabwera ndi mndandanda wa nkhani 8 zimene chida china chinamupatsa, akudandaula kuti laibulale yathu ilibe kanthu. Tinakhala pansi n'kuzifufuza imodzi imodzi pa Google Scholar ndi patsamba la magazini otchulidwawo. Zitatu zinalipodi. Zisanu zinali ndi mayina a akatswiri enieni, magazini enieni, zaka zomveka, koma nkhanizo sizinalembedwepo ndi munthu aliyense. Zidazi zimalumikiza mawu amene amakonda kuyendera limodzi, ndipo mutu wa nkhani wopeka umaoneka bwino ngati weniweni. Mnyamatayo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati ndingamuonetse Zotero ija.

M'dirowa yokhoma ya ofesi yathu muli kope lachikuto cholimba. Akaunti iliyonse ya laibulale ili ndi tsamba lake: tsiku limene tinatsegula, imelo ya laibulale imene tinagwiritsa ntchito, anthu awiri odziwa pasiwedi, ndi tsiku lomaliza limene tinadina Export. Masamba 14 ali ndi mzere wofiira wodutsa pakati, kusonyeza kuti chidacho chinatsekedwa kapena tinachisiya. Lachisanu lapitali ndinayesa pulogalamu ina yokonzera mashelefu okongola a mabuku pa foni, yokhala ndi zikuto zoyenda ukazikhudza ndi chala. Ndinafufuza khomo lotulukira kwa mphindi 20 osalipeza. Sinalowe m'kopemo.