Asilikali a ku Ireland amene kwawo adasiya kuwatchula

M'mabanja ambiri a ku Ireland, mdzukulu amadziwira pa mendulo kuti agogo ake adamenya nawo Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Amaipeza pansi pa kabati, m'chitini cha makalata akale. M'mphepete mwake mudadindidwa dzina, nambala ndi gulu la msilikaliyo: Royal Dublin Fusiliers, Connaught Rangers, Royal Munster Fusiliers. Ngati mwiniwakeyo adatsalira kunkhondo, pamakhalanso kambale kamkuwa kobulungira, kolembedwa dzina lake, kamene boma la Britain linkatumizira ofedwa. Mdzukuluyo amangoti kukamwa yasa: bwanji palibe adatiuzapo?

M'chaka cha 1914 Ireland yonse inali pansi pa Britain. Lamulo lopatsa anthu a ku Ireland nyumba yawoyawo ya malamulo lidavomerezedwa mu September, koma lidaimikidwa mpaka nkhondo itatha. John Redmond, mtsogoleri wa ofuna kudzilamulira, adauza anthu ake ku Woodenbridge kuti apite kulikonse kumene nkhondo yafika, poganiza kuti Britain idzabweza moyenera. Apulotesitanti a ku Ulster, chigawo cha kumpoto kwa Ireland, nawo adalembetsa, koma pa chifukwa chosiyana: kuonetsa kuti safuna kulekana ndi Britain. Ndiye panali ena, ochuluka ndithu, amene idawatuma ndi njala. Ku Dublin mabanja athunthu ankagona m'chipinda chimodzi, ndipo mkangano wa 1913 pakati pa antchito ndi mabwana udasiya ambiri pa ulova. Usilikali unkapereka shileni imodzi pa tsiku, kuphatikizapo ndalama ya sabata ndi sabata kwa mkazi ndi ana. Onse pamodzi adakwana pafupifupi 200,000.

Zinthu zidatembenuka amunawa ali kutali. Pa 24 April 1916, Lolemba la Pasaka, gulu la omenyera ufulu lidalanda positi ofesi yaikulu ya ku Dublin ndi kulengeza dziko loima palokha. Lidagonja pasanathe sabata. Poyamba anthu ambiri a mumzindamo sadalichemerere, ndipo amene adawakuwiza kwambiri ogwidwawo anali akazi a asilikali, amene amuna awo anali m'maenje a nkhondo ku France. Sabata yomweyo, ku Hulluch m'dziko la France, Ajeremani adathira mpweya wapoizoni pa gulu la 16th (Irish) Division ndipo anthu oposa 500 adafa, kuposa onse amene adafa pa chipwirikiti cha ku Dublin. Za ku Dublin mwana aliyense wa ku Ireland adaziphunzira kusukulu. Za Hulluch adazimva ndi ochepa.

Britain idadziphera yokha mlandu. Mu May idawombera atsogoleri 14 m'bwalo la ndende ya Kilmainham, mmodzimmodzi, kwa masiku angapo. James Connolly anali wovulala moti sakadatha kuimirira, choncho adam'mangirira pa mpando. Mitima ya anthu idasinthiratu. Pa chisankho cha December 1918 chipani cha Sinn Féin, chofuna kulekaniratu ndi Britain, chidatenga mipando 73 mwa 105, ndipo chimene Redmond ankatsogolera chidatsala ndi mipando 6 yokha.

Asilikali aja pobwera adapeza kuti yunifolomu imene adachoka atavala akuombedwera m'manja tsopano inali ya mdani. Ena adaphedwa pa nkhondo ya ufulu ya 1919 mpaka 1921 powaganizira kuti ndi akazitape. Ena adatenga luso lawo la mfuti n'kulipereka kwa IRA, gulu lankhondo la omenyera ufulu, monga Tom Barry, amene adamenyera Britain ku Mesopotamia kenako n'kutsogolera chiwembu cha ku Kilmichael mu 1920. Ambiri adangobwerera kumakasu ndi kumadoko. Mu 1922 kummwera kwa Ireland kudayamba kudzilamulira, kumpoto n'kutsala ndi Britain. Magulu a asilikali a Britain ochokera kummwerako adathetsedwa, ndipo mbendera zawo zidakasiyidwa ku Windsor Castle, nyumba yachifumu ya ku England.

Kukhala chete sikudabwere tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1920 khwimbi la anthu linkasonkhanabe ku Dublin pa 11 November, tsiku limene nkhondo idatha. Koma dziko latsopano linkafuna mbiri imodzi yokha ya chiyambi chake, ndipo amunawa sankakwanamo. Kumpoto nako zidapotoka mwa njira ina: nkhondo ya ku Somme ku France, kumene 36th (Ulster) Division idataya anthu oposa 5,000, ofa ndi ovulala, m'masiku awiri oyamba a July 1916, idasanduka chuma cha Apulotesitanti okha. Mkatolika wa ku Belfast amene adamenya nkhondo yomweyo analibe poima mbali zonse ziwiri. Ine chimene chimandiwawa ndi ichi: ufulu wa Ireland unali woyenera, koma sunafunikire kuti mayi abisire ana ake kumene bambo awo adafera.

Munda wachikumbutso wa ku Islandbridge mu Dublin, umene adaujambula Edwin Lutyens, udamangidwa m'ma 1930 ndi manja a asilikali akale. Nkhondo yachiwiri idalepheretsa mwambo woutsegulira, ndipo udakhala thengo kwa zaka zambiri mpaka udakonzedwanso n'kupatulidwa mu 1988. Pa 11 November 1998, Pulezidenti Mary McAleese wa Ireland ndi Mfumukazi Elizabeth II adaima limodzi pa nsanja yachikumbutso ku Messines, m'dziko la Belgium, kumene magulu a 16th ndi 36th adamenyera mbali imodzi mu June 1917. Apa m'pamene mabanja ambiri adayamba kutulutsa zitini zija poyera.

Tsoka lake, pofika nthawiyo odziwa nkhani anali atapita, ndipo mapepala nawo adapsa. Moto wa ku Four Courts, makhoti akuluakulu a mu Dublin, mu 1922 udanyeketsa nkhokwe ya zikalata za boma la Ireland. Mabomba a 1940 ku London adawononga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mafaelo a asilikali wamba. Wofufuza lero amadalira kalembera wa anthu wa 1901 ndi 1911, makadi a mamendulo, ndi mndandanda wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali. Ngakhale chiwerengero cha omwalira sichidagwirizanike. Mabuku achikumbutso a ku Islandbridge ali ndi maina oposa 49,000, koma mudalowanso Angelezi amene adatumikira m'magulu a ku Ireland, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amati obadwira ku Ireland eniake anali cha m'ma 35,000.