Ayi, kafukufuku wa manja ndi miyendo ya bionic satenga aliyense

Pa WhatsApp pakuyenda mphekesera yoti mukangotumiza ndalama ya fomu basi mwalowa m'kafukufuku wa ziwalo za bionic (manja ndi miyendo yochita kupanga yoyendera magetsi), ati aliyense woduka mkono kapena mwendo akutengedwa. Ndi bodza abale, ndipo zimandiwawa chifukwa akubera anthu ovutika kale. Kafukufuku weniweni sagulitsa malo, amasankha, nthawi zambiri amafuna wazaka 18 kupita m'tsogolo, bala litapola bwinobwino, komanso minofu yotsala ikhale yoti masensa (tizipangizo tomva kuyenda kwa minofu) azimva ikamagwira ntchito. Pomwe akufuna kulumikiza chitsulo cha titanium ku fupa ndiye amaonanso mphamvu ya fupalo, odwala shuga ndi osuta fodya kawirikawiri amabwezedwa. Kafukufuku akathanso si nthawi zonse chiwalocho chimakhala chanu, funsani musanasaine. Yang'anani pa ClinicalTrials.gov, tsamba la pa intaneti lomwe amalembetsapo kafukufuku wa zachipatala, kenako mukambirane ndi dokotala wanu.