Mizere iwiri mutamaliza LA sikutanthauza kuti mankhwala akanika

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu ambiri amakhulupirira kuti kachipangizo koyezera malungo kamaona tizilombo m'magazi. Ndiye mwana akamaliza LA, mankhwala a malungo, n'kuyezedwanso patapita sabata, mizere ikatuluka iwiri makolo amati mankhwala sanagwire, n'kuthamangira kukagula ena.

Kachipangizoka sikaona tizilombo ayi. Zambiri mwa zipangizozi zimagwira puloteni yotchedwa HRP2, yomwe kachilombo ka malungo kotchedwa Plasmodium falciparum kamatulutsa. Dontho la magazi, mamaikulolita 5 okha, limakankhidwa ndi madzi apadera otchedwa buffer pakapepala kamene kali ndi ma antibody, tinthu tomwe timakola puloteniyi. HRP2 ikakodwa, mzere wa T, wosonyeza kuti puloteniyi yapezeka, umaoneka. Vuto ndi lakuti puloteniyi imatsalira m'magazi milungu ingapo, nthawi zina kupitirira mwezi, tizilombo titafa kale. Ngati thupi likutenthabe, magazi ayezedwe pa maikulosikopu, ndipo adokotala afufuzenso matenda ena.

Mzere wa C, wosonyeza kuti kachipangizo kagwira bwino ntchito, ukapanda kutuluka, zotsatirazo n'zosagwira ntchito. Kuwerenga nthawi yolembedwa pakatoni itadutsa, kawirikawiri mphindi 15 kapena 20, kumasokonezanso.

Kutentha kwa kuno kuchigwa, komwe mu Okutobala kumadutsa madigiri 40, kumawononga ma antibody. N'chifukwa chake m'malo mwa ma antibody asayansi akuyesa ma aptamer, tizidutswa ta DNA topangidwa mu labotale, tomwe tinayamba kudziwika mu 1990. Timapirira kutentha, ndipo ena apangidwa kuti azigwira LDH, puloteni ina ya kachilomboka yomwe imatha m'magazi m'masiku ochepa tizilombo tikafa.