Nthano ya masamba oyoyoka: yoga ya ana a zaka 3 mpaka 5

Ku Britain, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, mitengo yambiri imasanduka yachikasu ndi yofiira, kenako masamba n'kuyoyoka. Ndiyo nyengo ya autumn. Kunja kumada msanga, makamaka akabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo ana amabindikira m'nyumba mphamvu zili tho! Nthawi imeneyi malaibulale ena ndi sukulu za mkaka amaphatikiza nthano ndi yoga, luso lochokera ku India loongola thupi ndi kupuma mwadongosolo. Kholo lingachitenso pabalaza.

Nthano ndiyo itsogole, thupi lizitsatira. Mwana wa zaka zitatu mukamuuza kuti "ongola msana" angokuyang'anani, koma mukati "mtengo ukukula" aimirira yekha njo. Choncho sankhani nthano yaifupi, muikemo kaimidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi basi, zonse zithe m'mphindi 20. Ana asapitirire 10 pa wamkulu mmodzi, ndipo atalikirane moti akatambasula manja asakhudzane.

Yambani ndi kambewu ka oak, mtengo waukulu wa ku Britain, kogona m'nthaka: mwana agwade, akhalire zidendene, chipumi pamphasa, manja m'mbali. Mvula ikugwa, zala zanu zikugogoda pansi. Kambewu kamera, mwana adzuka pang'onopang'ono mpaka kuimirira, manja m'mwamba. Tsopano ndi mtengo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amafuna mwana aime ndi mwendo umodzi ngati munthu wamkulu pachithunzi. Wa zaka zitatu amatha masekondi ochepa chabe. Zala za phazi linalo zikhale pansi, chidendene chitsamire pakakolo; wokulirapo angaike phazi pakatumba, koma osati pabondo, poti bondo silinapangidwe kuti lizikankhidwa cham'mbali. Muuzeni ayang'ane chinthu chimodzi chosayenda pakhoma, dzandidzandi amachepa. Mukatero ndi mwendo wamanja, bwerezani ndi wamanzere.

Mphepo ikaomba, apendekere uku ndi uku mapazi ali pansi. Masamba akuyoyoka, awerame mawondo atapindika pang'ono, zala zikugwedera mpaka kufika pamphasa. Kenako gologolo: anyonyomale, akumbe ndi manja, akwirire mbewu yake. Agologolo a ku Britain amakwiriradi mbewu za oak kusungira nyengo yozizira, ndipo zina zimene sanazifukule zimamera. Apo nthano yabwerera poyambira, ndipo ana amapempha okha kuti ibwerezedwe. Bwerezani ndithu, ulendo wachiwiri ndi pamene matupi amagwira bwino.

Kaimidwe kalikonse kasapitirire kupuma katatu. Ngati ana akumva Chichewa, "Padangokhala" ndi "Tili tonse" zimathandiza kwambiri: akokere mpweya inu mukuyankhula, autulutse poyankha. Musawauze kuti agwire mpweya, ndipo kuima ndi mutu kapena mapewa kusakhaleko, makosi a ana ndi anthete.

Zosokoneza zambiri zimachokera pansi. Masokosi pasimenti kapena pamatabwa amaterera, ndiye ana avule. Masamba enieni ndi abwino kuwagwira ndi kuwanunkhiza, koma akhale ouma ndipo mupereke limodzi kwa mwana aliyense nthano itatha. Mukagawa poyamba, maso onse apita patsamba, inu n'kumayankhula nokha. Mbewu za oak ndi za mtengo wina wotchedwa horse chestnut zisafike m'manja mwa ana amene amaika zinthu m'kamwa: zimatsamwitsa, ndipo za horse chestnut zili ndi poizoni. Mwana amene wakana musamukoke mkono. Akhale pambali, aziomba mphepo ndi pakamwa, nthawi zambiri amalowa yekha.

Makolo ena amakayika ndi yoga chifukwa inamera m'miyambo ya chipembedzo cha ku India. Nkhawa imeneyo si yopeputsa. Auzeni pasadakhale zimene ana achite, ndipo ngati angafune abwere adzaonerere.

Osathera pa gologolo, chifukwa ana atuluka akudumpha. Mapeto akhale kugona chagada, tsamba lili pamimba, mwana akuliona likukwera ndi kutsika pamene akupuma. Tsitsani mawu, zimitsani nyale imodzi. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Atembenukire kumbali, kenako adzuke akhale pansi asanaimirire.