Malire 17 a mzinda wa Siena

Mukamayenda m'tinjira ta Siena, mzinda wa njerwa zofiira womangidwa pa zitunda zitatu m'chigawo cha Tuscany ku Italy, kwezani maso pa ngodya za nyumba. Mupezapo timatailosi tating'ono tokhomedwa pakhoma. Apa pali chithunzi cha nkhono, mukangowoloka msewu pali kamba. Mlendo amadutsa osazindikira kanthu, koma mwana wobadwira kumeneko amadziwa kuti waponda dothi la adani.

Timatailosi timeneti timasonyeza malire a madera a mzindawu otchedwa contrada, ndipo alipo 17. Ambiri maina awo ndi a zinyama: Oca ndi tsekwe, Istrice ndi nungu, Civetta ndi kadzidzi, Aquila ndi chiwombankhanga, Bruco ndi mbozi, Chiocciola ndi nkhono ija, Tartuca ndi kamba. Palinso Torre, nsanja, ndi Onda, mafunde. Dera lililonse lili ndi tchalitchi chake, kasupe wake, mbendera zake, nyumba yosungiramo zakale ndi atsogoleri ake osankhidwa. Kawirikawiri munthu salowa contrada chifukwa choti waikonda. Mwambo wakale unali wakuti msewu umene wabadwira ndiwo umakuuza kwanu, ndipo ana amawabatiza kachiwiri pa kasupe wa dera lawo, ubatizo umene si wa mpingo. Mwamuna ndi mkazi ochokera m'madera odana amadziwika kuti amayamba apatukana pa masiku a mpikisano wa mahatchi wa pakati pa maderawa, aliyense n'kupita kwa abale ake.

Kuti timvetse mtima umenewu tibwerere m'mbuyo. Siena inali dziko palokha, lolemera ndi malonda ndi mabanki, lomwe linkapikisana ndi mzinda woyandikana nawo wa Florence. Mu 1260 asilikali a Siena anagonjetsa a Florence pa nkhondo ya ku Montaperti, ndipo mpaka lero anthu sanaiwale. Kuyambira 1287 mpaka 1355 mzindawu unkalamulidwa ndi bungwe la anthu 9, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene anamanga nyumba ya boma ya Palazzo Pubblico ndi nsanja yake yaitali, Torre del Mangia. Bwalo la kutsogolo kwake, Piazza del Campo, ndi lotsetsereka ngati chigoba cha nkhono ya m'nyanja, ndipo njerwa zake anaziyala m'zigawo 9 pokumbukira olamulira aja. Kenaka mu 1348 kunagwa mliri umene unapululutsa anthu. Tchalitchi chachikulu chimene anayamba kuchikulitsa mu 1339 chinasiyidwa panjira, ndipo khoma lake lalikulu, Facciatone, laima chomwecho lopanda denga mpaka pano. Mu 1555, mzinda utazingidwa kwa miyezi yambiri njala n'kuluma, Siena inagonja, ndipo posakhalitsa inaperekedwa m'manja mwa Cosimo wa banja la Medici, wolamulira Florence yemwe uja.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu amene analandidwa dziko lawo anatsala ndi misewu yawo basi, ndipo chikondi chonse chimene anali nacho pa mbendera ya Siena anachithira m'misewumo. Magulu a anthu oyandikana nyumba, amene kale ankasonkhana pa tchalitchi chawo kapena kulondera zipata za mzinda, anayamba kuonekera pa zikondwerero atanyamula zifanizo za zinyama. Ankalimbana ndi ng'ombe zamphongo m'bwalo la Campo, ndipo zimenezi zitaletsedwa anayamba kuthamangitsa njati ndi abulu, mapeto ake mahatchi. Mpikisano wa pa 2 Julaye, wolemekeza Maria wa ku tchalitchi cha Provenzano, unakhazikika m'zaka za m'ma 1650. Wa pa 16 Ogasiti unayamba mu 1701.

Mkangano wa malire unakula chifukwa cha ndalama komanso ulemu. Dera lililonse linkayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa za chikondwerero, ndiye funso linali lakuti nyumba iyi ndi ya yani. Zinafika povuta pamene Aquila, imene inali itazilala kwa zaka zambiri, inadzukanso mu 1718 n'kufuna misewu yake, pomwe oyandikana nayo anali atagawana kale. Amene anaweruza anali mayi wochokera ku Bavaria, Violante Beatrice, mkazi wamasiye wa m'banja la Medici amene anali bwanamkubwa wa Siena. Lamulo lake la 1729 linatchula msewu ndi msewu, nyumba ndi nyumba, n'kukhazikitsa madera 17. Timatailosi ta pa ngodya tija tikutsatira mawu a mayi ameneyu, patatha zaka pafupifupi 300. Madera 6 amene anafa, Gallo, Leone, Orso, Quercia, Spadaforte ndi Vipera, sanatayidwe kotheratu. Pa mdipiti wa tsiku la mpikisano pamadutsa anthu 6 okwera pa mahatchi, nkhope zawo zitaphimbidwa ndi zisoti zachitsulo, kuimira maderawo. Kwa ine palibe chokhudza mtima pa mwambo wonsewo kuposa anthu osaoneka nkhope amenewa.

Mpikisano weniweniwo, wotchedwa Palio, ndi waufupi zedi: kuzungulira bwalo katatu, nthawi yosapitirira mphindi imodzi ndi theka. Amathamanga ndi madera 10 okha, 7 amene sanathamange mwezi womwewo chaka chatha ndi ena 3 ochitiridwa maere. Hatchi nayo sasankha. Imagwera dera mwa maere kutatsala masiku atatu, ndiye anthu amalira kapena kuimba pomwepo malinga ndi imene yawagwera. Masana a tsikulo hatchi imalowetsedwa m'tchalitchi cha dera, wansembe n'kuidalitsa ndi kuiuza kuti ipite ikabwere itapambana. Okwera, amene kawirikawiri ndi aganyu ochokera kwina monga ku Sardinia, sakhala pa chishalo, ndipo amaloledwa kukwapulana ndi zikoti. Pa kona ya San Martino, pamene njira imatsika mokhota, amatchinga khoma ndi zofewa chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Wokwera akagwa, hatchi ikafika yokha poyamba, dera lapambana ndithu, pakuti wopambana ndi hatchiyo.

Mphoto yake ndi nsalu yopentedwa chithunzi cha Maria, imene eni mzinda amaitcha mwachikondi kuti cencio, kutanthauza sanza. Koma kupambana ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuonetsetsa kuti mdani wako asapambane, ndipo atsogoleri a madera amapangana mobisa ndi kulonjezana ndalama zambiri pofuna zimenezi. Oca ndi Torre sadyera mbale imodzi. Chimodzimodzi Istrice ndi Lupa, Aquila ndi Pantera, Nicchio ndi Valdimontone. Dera limene latha zaka zambiri osapambana amalinena kuti ndi nonna, gogo, pamene opambana amayenda m'misewu atavwira timabotolo ndi tinsonga ta makanda, kusonyeza kuti abadwanso.

Pali anthu oteteza zinyama amene akhala akufuna kuti mpikisanowu uthe chifukwa mahatchi ena avulala ndi kufa m'bwalomo, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Akuluakulu a mzinda anakhwimitsa malamulo oyeza mahatchi, koma mkangano ukadalipo. Palio inaima mu 2020 ndi 2021 chifukwa cha Covid, n'kubwereranso mu 2022. Milungu ingapo mpikisano utatha, dera lopambana limayala matebulo ataliatali pakati pa msewu wawo, anthu zikwi n'kudya pamodzi usiku, ndipo pa malo a mlendo wolemekezeka pamaima hatchi ija.